Khola la malegeni kuseri kwa nyumba ya lendi

Nkhuku zinafika khola ndisanaliganizire n'komwe. Apongozi anga anatsika basi yochokera ku Katete mu Seputembala atanyamula katoni yoboolaboola, m'kati muli misoti isanu ndi tambala mmodzi. Usiku woyamba zinagona m'bafa, ndipo za fungo lake m'mawa ndisanene.

Ife timakhala ku Mchini, komboni ya mu Chipata, m'nyumba ya lendi, kuseri kuli kamalo kongokwana chingwe choyanikira zovala. Eni nyumba sanazungulire: "Amake mwana, wetani nkhuku zanu, koma njerwa ndi simenti pabwalo panga ayi. Tsiku losamuka mudzanyamule zonse." Basi, khola linayenera kukhala lomasula ngati mtolo wa nkhuni.

Ndinayamba ndi mitengo inayi ya bulugamu. Maenje ndinakumba ofika m'chigongono, ndipo kunsi kwa mtengo uliwonse ndinapaka oyilo wakuda amene ndinakapempha ku galaja, chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Pansi pa khola ndinakweza kufika m'chiuno, pafupifupi mita 1 kuchoka pa dothi. M'litali ndi mita 1 ndi theka, m'lifupi mita 1, zokwanira nkhuku 6 zomwe masana zimayendayenda, kubweramo n'kugona chabe.

Ntchito yeniyeni inali pa nsungwi. Ndinazing'amba pakati n'kuziyala motalikirana mpata wolowa chala chimodzi: zitosi zigwere pansi, koma mwendo wa nkhuku usalowe. Msomali pa nsungwi musayese, imang'aluka mukuona. Zonse ndinamanga ndi malegeni odula ku chubu chakale cha galimoto. Mukakoka mphira n'kuzunguliza kanayi, n'kupisa nsonga pansi pake, pamagwira mwakuti mwana wanga wamng'ono analendewera pamtanda osasuntha. Denga ndi malata awiri akale, opendekera kumbuyo kuti madzi asagwere pakhomo, omangirira ndi waya. Mwala pamwamba pa lata sindiukhulupirira, mphepo ya mvula yoyamba ya mu Novembala ndinaiona ikusasula nyumba zenizeni. M'kati ndinapingasa mtengo umodzi wogonapo, ndipo makwerero timachotsa dzuwa likalowa kuti likongwe asapeze njira.

Pamene ndinalakwa ndi pa makoma. Poopa amphaka ndi maso a anthu, ndinakuta mbali zonse ndi matumba a feteleza mpaka kudenga. Ndiye kunabwera kutentha kwa Okutobala. Tsiku lina m'mawa ndikutsegula ndinapeza zonse zatsegula kukamwa, mapiko ali lendee, m'kati mukuchita kutuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni. Nditagwira msoti wina, utitiri unali wakuda bii kuzungulira maso ndi pa lipombo. Unali utabisala m'mapindiro a matumbawo.

Ndinasasula matumba onse n'kuwatentha. Ku Saturday Market ndinagula waya wa timabowo ting'onoting'ono mamita 2, ndipo kunena zoona ndi chinthu chokhacho chimene chinandidyera ndalama yooneka. Theka lakumwamba ndinaika wayayo, lakumunsi nsungwi zothithikana. Thumba latsopano ndinasiya limodzi, mbali yomwe mvula imawombera, ndipo limapindika ngati katani. Phulusa la pambaula sinditayanso: lina ndimawaza m'khola, lina ndimathira m'beseni lakale losakaniza ndi mchenga, nkhuku zimasambamo zokha. Zitosi zapansi ndimasesa Loweruka lililonse, zimapita pa kabedi ka repu.

Chitopa chokha sichiona kukongola kwa khola, ndipo chimakonda nyengo yotentha yomweyi. Katemera wake botolo limodzi ndi la nkhuku zambirimbiri, choncho tinasonkherana ndi aneba atatu. Ndinakamutenga ku shopu ya mankhwala a ziweto mu fulasiki muli ayezi, popeza akatenthedwa ndiye kuti wafa, ndipo tinatemera zonse tsiku lomwelo. Tagwirizana kubwereza pakatha miyezi itatu iliyonse.

Pano msoti umodzi wayamba kufungatira mazira 9 m'katoni ija ya apongozi, yomwe ndinayalamo udzu. Masiku ake ndi 21, ndawerenga atsala 8. Anapiye sangakwere makwerero, ndiye mawa nditchinga kunsi kwa khola ndi zotsala za nsungwi, thadzi lidzalere ana ake pamenepo pomwe kabawi sangawaone.