Lachitatu: agogo akuti sanali othawa kwawo

Ndinafika mochedwa m'kalasi lero, minibasi inangoti njo pa siteji kudikira kuti idzaze. Polowa ndinapeza aphunzitsi atalemba kale pa bolodi: 1951, 1969, 1989.

Chaka choyambacho ndi cha pangano la United Nations. Limati wothawa kwawo ndi munthu amene wadutsa malire a dziko lake poopa kuzunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena ndale. La 1969 ndi la OAU, bungwe la mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo, lomwe linaonjezerapo othawa nkhondo ndi zipolowe. Chomalizacho ndi lamulo lathu la kuno ku Malawi. Mnzanga wa ku Phalombe anakweza mkono n'kufunsa za anthu amene namondwe Freddy anawagumulira nyumba mu 2023. Aphunzitsi anati amenewo sali m'gululi, poti sanatuluke m'dziko. Mnzangayo anakhala pansi nkhope ili ndwii. Kwawo madzi anakokolola ndi khola lomwe.

Za Dzaleka ku Dowa tinangodutsamo mothamanga. Inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, inakhala kampu ya othawa kwawo mu 1994, ndipo malo oyenera anthu pafupifupi 12,000 lero muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mwana wobadwira mmenemo saloledwa kukakhala kunja kwa kampu mwakufuna kwake. Izi sizikundikhala bwino mpaka pano.

Madzulo ndinaimbira agogo ku Dedza, pafupi ndi malire. M'buku mwalembedwa kuti nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa kuno anthu oposa 1 miliyoni, ndiye ndinkafuna mboni yoona ndi maso.

"Agogo, mukuwakumbukira othawa kwawo aja?"

"Othawa kwawo ati iwe? Aja a kutsidya? Ajatu ndi abale athu, maliro timaikira limodzi. Zigawenga zija za Matsanga zitawaotchera nyumba ukanati apite kuti?"

Akuti mayi wina anafika usiku ndi ana atatu, atasenza mtondo pamutu. Agogo aamuna anawadulira kachigawo ka dimba. Anakhala zaka zisanu, n'kubwerera kwawo mtendere utabwera mu 1992. Palibe anawafunsa chiphaso pakhomo paja.

Lachisanu tikupereka asaimenti yofotokoza tanthauzo la wothawa kwawo, ndipo ndalemba mizere iwiri yokha. Ndisanadule foni ndinafunsa za mtondo uja.

"Si umene umasinjira nsinjiro ukabwera pa holide? Anati ngolemera, sangaunyamulenso kawiri."