Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Yesu wa dothi la agogo

M'gawo lapita ndinakusiyani bambo atapita ku Nchalo kukadula nzimbe, ife titatsala ndi amayi ndi agogo kumudzi, kufupi ndi Ngabu. Munali mu 1992, chaka cha chilala chija. Mapira anapserera m'munda, ndipo pofika Disembala tinkagonera nyika, mizu ya zomera za m'madzi, zochokera ku dambo la Elephant Marsh. Za mpunga wa nkhuku pa Khirisimasi panalibe wozitchula.

Koma khola la Khirisimasi, losonyeza kubadwa kwa Yesu, kutchalitchi linamangidwa ndithu, la bango ndi mlaza. Ife ana otumikira pa Misa ndi amene tinkatulutsa zifanizo m'katoni: Maria, Yosefe, abusa ndi khanda, onse azungu a masaya ofiira, oumbidwa ndi zinthu zonga choko. Kutatsala masiku asanu, manja ali thukuta lokhalokha (kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa), khanda linandipulumuka. Phwaa! pasimenti. Mutu uko, mkono uko.

Ndinafika kunyumba ndikulira. Agogo anali pansi pa mtondo, akukulungiza mphika ndi mwala.

"Walira chiyani, mwanawe?"

"Ndaswa Yesu, agogo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, Yesu anapirira misomali, ndiye aphedwe ndi simenti? Kanditengere mtapo kuseriko."

Agogo sanapite kusukulu, koma mbiya zawo zinkagulidwa mpaka ku Bangula. Anaumba khandalo madzulo omwewo, zala zikuyenda ngati akusenda mbatata. Analipatsa mphuno yaphwatalala, tizibakera tofumbata, ndi mchombo wotuluka ngati wa mng'ono wanga. Ine anandilamula kuumba ng'ombe, poti ndi luso lokhalo limene ndinatola kubusa, ndipo ndinaziika malinunda ngati zakwathu. Titaziyanika pamthunzi n'kuziotcha pamodzi ndi miphika, khanda linatuluka lakuda bii, tsaya limodzi lofiirira.

Akatekisiti atalilandira anakhala chete kanthawi. Amayi ena a mumphakati wathu sanabise mawu: "Yesu wakuda munamuona kuti?" Agogo anangowafunsa kuti, "Nanga woyerayo munakumana naye kuti?" Nkhani inathera pomwepo, ngakhale kung'ung'udza kunalipo mpaka chaka chatsopano.

Patapita zaka ndinafika ku Mua, ku Dedza, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene wansembe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ndinaona Maria wosemedwa pamtengo, atavala chitenje, nkhope yake ngati ya mayi wapachigayo. Alendo ankajambula zithunzi modabwa. Ine ndinaganiza za agogo, amene sanamvepo za Mua, ngakhale za Fransisko Woyera wa ku Assisi amene anaika khola lake la Khirisimasi ku Greccio, ku Italy, mu 1223, la ng'ombe ndi bulu zamoyo. Kunena zoona, mwa zonsezi ine ndimakondabe khanda la agogo, ngakhale khutu limodzi linali lalikulu kuposa linzake.

Usiku wa Misa udzudzu unatidya osati masewera. Bambo mfumu anawerenga Luka 2, za mwana wokulungidwa m'nsalu n'kugonekedwa modyera ng'ombe, poti kunyumba ya alendo kunalibe malo. Amayi anali atang'amba kansalu pa chitenje chawo chakale n'kulifunditsa khandalo. Pakati pa Maria ndi Yosefe oyera mbee panagona mwana wathu wakuda, ng'ombe zanga zitamuzungulira, imodzi itathyoka kale nyanga.

Tikutuluka, tinapeza bambo ataima pakhomo, njinga m'manja, kumbuyo atamangirira buledi awiri ndi paketi ya shuga. Zimene anabwera kudzatiuza usiku umenewo ndidzakusimbirani m'gawo 7.