Zomwe ndaphunzira pa nkhani yopatsa aliyense ndalama mwezi ndi mwezi

Semesita ino mu kosi ya development economics tinapatsidwa mutu wa basic income, kutanthauza boma kumapatsa munthu aliyense kangachepe mwezi ndi mwezi osamufunsa ngati ali pantchito kaya ayi, osamuuzanso kuti agule chani. Mkalasi anthu ambiri anangoti aaa imeneyo nde kuphunzitsa anthu ulesi, ena mpaka kumati zonse zithera ku mowa. Nde ine ndinakakhala mu laibulale kuwerenga malo amene anayesapo zinthuzi.

Ku Ulaya ndi ku America nkhaniyi imabwera chifukwa cha makina. Mashopu kumeneko ali ndi matilo oti kasitomala amadzilipirira yekha, mmafakitale muli maroboti, pano kwabweranso AI, makompyuta otha kugwira ntchito zofuna nzeru za munthu, nde funso lawo ndi loti anthu ochotsedwa ntchitowo azidya chani. Andrew Yang pofuna upulezidenti wa America mu 2020 ankalonjeza madola 1,000 pamwezi kwa munthu wamkulu aliyense. A ku Switzerland anavota mu 2016 nkukana, pafupifupi 77 peresenti. Finland inayesa mu 2017 ndi 2018, anthu 2,000 osowa ntchito ankalandira ma euro 560 pamwezi, ndipo ngakhale akapeza ntchito ndalamayo samawalanda. Zotsatira zake, pa nkhani ya ntchito sizinasinthe kwambiri koma nkhawa inachepa ndipo anthuwo ankati moyo ukuyendako bwino.

Koma yomwe inandigwira mtima ndi ya ku Kenya. Bungwe la GiveDirectly linagawa midzi, ina munthu wamkulu aliyense amalandira masenti 75 a dola patsiku kudzera pa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, kwa zaka 12, ina kwa zaka ziwiri zokha, ina anapatsidwa kamodzi nkamodzi madola pafupifupi 500. Zotsatira zoyamba zitatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti anthu sanasiye kugwira ntchito, anangochepetsa maganyu nkuyamba zawozawo, timaokala ndi tibizinesi. Olandira kamodzi aja anatsegula mabizinesi ambiri kuposa a zaka ziwiri, pomwe a zaka 12 aja poti ankadziwa kuti ndalama izibwerabe anayamba chipereganyu, kusonkha mwezi uno atenge uyu mwezi wamawa atenge wina, kuti kangachepe kaja kasanduke mpamba weniweni. Apa ndinaima kaye kuwerenga chifukwa nde zofananako ndi zomwe amachita amayi anga ndi anzawo Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango, kabokosi ka maloko atatu pakati, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, mlembi akulemba masheya mkope. Anthu otere sangasowe chochita ndi ndalama, chomwe amasowa ndi ndalama yoti akudziwa kuti ifika ndithu pa tsiku lake.

Kwathu kuno maroboti sanativutebe kwenikweni poti ambiri tidakali ndi khasu, chimativuta ndi kusakhazikika kwa zinthu. Namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola minda ndi nyumba kummwera, mu November chaka chomwecho kwacha nkugwa ndi 44 peresenti. Tili ndi Mtukula Pakhomo yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, koma imeneyo imasankha mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi pa khumi alionse. Nde mmudzi moti pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankhako kumadanitsa anthu, wosiyidwayo amangoona ngati dzina lake analidumpha dala. Kupatsa aliyense kumachotsa mkangano umenewo.

Pomwe pandivuta mpaka pano ndi gwero la ndalamazo. Alaska, dera lina la ku America, imagawa ndalama chaka chilichonse kuyambira 1982 koma iwo ali ndi mafuta, za ku Kenya zija nzochokera kwa anthu akufuna kwabwino akunja. Ifeyo tapitirira 20 miliyoni, bajeti yathu ikutsamwa kale ndi ngongole, ndipo boma litangosindikiza ndalama mitengo ya chimanga ndi feteleza ikhoza kuthamanga nkuisiya ndalamayo mmbuyo. Mu asayimenti yanga ndalemba kuti ndikadakonda tiyambe ndi agogo onse opitirira zaka 65, aliyense alandire popanda komiti yosankha, chifukwa ambiri mwa iwo ndi amene akulera zidzukulu zamasiye. Lachinayi ndikapanga present, ndipo ndikudziwa kale kuti a lekichala akandipanikiza pa msonkho woti ulipire zimenezo, nde mawa ndikhalira kuwerengetsera za VAT.