Mmene tinamangira munda wa sola wa anthu tonse m'dera lathu

Ine ndinali mlembi wa komiti, choncho pepala lililonse linkadutsa m'manja mwanga, ndipo zina mwa zolakwika zimene nditchule pano ndinalakwa ndine.

Tisanaganize zogula panelo n'limodzi lomwe, ndinatenga kope n'kuyenda khomo ndi khomo m'mabanja 80. Mafunso anali awiri: mudzalumikiza chiyani, nanga nthawi yanji? Lachiwirilo ndiye lenileni. Babu la LED la mawati 9 likayaka maola asanu limadya pang'ono kwambiri, moti mababu 22 otere ndi amene amamaliza yuniti imodzi. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yuniti yomweyo m'theka la ola. Anthu poyankha amakhota mbali ziwiri. Ena amatchula firiji imene akungoilota, ena amabisa ayironi imene ili pansi pa bedi. Ndinaphunzira kupempha kuti ndione chipangizocho ndi maso, ndiwerenge kachikwangwani ka kumbuyo kwake.

Masamu athu anatuluka chonchi. Nyumba iliyonse yuniti imodzi patsiku, kuphatikiza mpope wa madzi ndi mmisiri wowotcherera zitsulo amene amagwira ntchito masana, zonse mayunitsi 120. Ngakhale kunja kuwale tsiku lonse, dzuwa lamphamvu kwathu limakwana ngati maola asanu okha, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limatayika chifukwa cha fumbi, mawaya, kutentha ndi inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a m'mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba. Izi za kutentha ambiri sakhulupirira: mawati olembedwa pa panelo amayezedwa lili pa madigiri 25, ndipo likapsa ndi dzuwa mphamvu yake imatsika. Tinapeza kuti tikufunika makilowati 30, kutanthauza mapanelo 60 a mawati 500.

Kenako panabwera zamalamulo, zotopetsa koma zosathawika. Gulu la anthu wamba silingatsegule akaunti, kubwereka malo kapena kusaina mgwirizano, ndiye tinalembetsa koparetivi. Aliyense anagula masheya monga mwa thumba lake, koma voti ndi imodzi pa munthu, kaya wagula sheya imodzi kaya makumi awiri. Si ife tinayambitsa zimenezi. Ku England, koparetivi ya Westmill Solar inatenga munda wa sola wa mamegawati 5, kutanthauza makilowati 5,000, mu 2012, eni ake anthu wamba. Kugulitsa magetsi kwa ena kumafuna chilolezo cha bungwe loona za mphamvu m'dziko lanu, ndipo pitaniko msanga. Ife fayilo yathu inagona miyezi inayi chifukwa chojambula cha mawaya chinalibe siginecha ya injiniya wovomerezeka, ndipo palibe anatiuza mpaka nditapita ndekha kukafunsa.

Malo tinabwereka kwa zaka 25, molingana ndi chitsimikizo chimene opanga mapanelo ambiri amapereka. Apa ndi pamene ndinapalamula. Ndinakaona malowo masana, dzuwa lili paliwombo, n'kunena kuti palibe mthunzi. Patapita miyezi dzuwa linapendekeka, ndipo mtengo wa mnansi unayamba kuponya mthunzi pa mzere wakumapeto m'mawa uliwonse. Mapanelo amalumikizidwa mondondozana ngati mikanda, choncho awiri akaphimbika amakokera pansi anzawo a mumzerewo. Tinazula mzere wonse n'kuusuntha mamita asanu ndi limodzi. Pitani pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo funsani mmene dzuwa limayendera m'nyengo yozizira. Mapanelo ayang'ane kumene kuli equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo apendekeke ndithu kuti mvula izitsuka fumbi.

Makontilakitala tinaitana atatu. Wotchipa kwambiri sanaikemo zoteteza ku mphezi kapena waya wa efi, ndiye tinamusiya. Womupatsa ntchitoyo tinam'sungira gawo la malipiro mpaka zonse zitayesedwa pamaso pathu. Kumanga kwenikweniko kunatenga masabata atatu basi.

Chimene chinatidyera misonkhano ndi mabatire. Theka la magetsi athu limafunika dzuwa litalowa, mayunitsi ngati 60. Mabatire amtovu ndi otchipa pogula, koma ukamawatsitsa kupitirira theka amafa msanga. A lithium iron phosphate amalola kutsitsidwa mpaka 80 pa 100 alionse ndipo amapirira kutchajidwa kambirimbiri. Tinasankha amenewa, okwana mayunitsi 75, ngakhale mtengo wake unatiumitsa pakamwa.

Tsiku lokambirana mtengo wa yuniti, bambo wina wachikulire anaimirira, chipewa chili m'manja. "Alembi, dzuwa ndi la Mulungu, masheya tinagula kale. Ndiye tizilipiranso chiyani?" Anthu anawombera m'manja, ine thukuta kamukamu. Ndinawayankha kuti, "Bambo, dzuwalo n'laulere ndithu, koma inveta iyi ikatha zaka 10 kapena 15 idzafuna ina, mabatirenso chimodzimodzi. Tsiku limenelo tidzagogoda pakhomo pa ndani?" Sanakhutire tsiku lomwelo. Tinachita kulemba pa bolodi mtengo wa zipangizo ziwirizo, kuugawa ndi miyezi, n'kuwonjezera malipiro a mlonda ndi a mnyamata wotsuka mapanelo. Anaona okha kuti mtengo umene ankafuna ukanatisiya mumdima mapanelo akadali abwinobwino, poti iwo amangofooka ndi theka la peresenti pachaka. Tinagwirizana zoika mamita olipiriratu, komanso akaunti yachiwiri ya ndalama zosinthira zipangizo, yosatuluka popanda masiginecha atatu.

Sabata yoyamba, nthawi ya 6 koloko madzulo, inveta inazima kawiri. Maayironi obisika aja anatulukira onse nthawi imodzi. Sitinakalipire munthu. Tinaika malire a mawati pa mita iliyonse, n'kutsitsa mtengo wa yuniti ya masana, pamene mabatire amakhala atadzaza ndipo mphamvu yotsala imangotayika. Pano anthu amasita zovala cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndipo bambo aja ndi mmodzi mwa atatu osainira akaunti yachiwiri.