HTH ndi dizilo m'chipinda chimodzi

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kuyeza madzi a m'mijigo, kugawa klorini wa 1% kwa alangizi a zaumoyo, kuyendera okazinga usipa kudoko. Chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi Lachitatu.

Dzuwa lili paliwombo, mayi wina wokolopa m'mawodi anatuluka m'sitolo yosungiramo katundu wa chipatala akutsokomola, misozi ili chuchuchu. "Bwana, musalowe, mukuwawa m'maso!" Nditasuzumira pakhomo, ndinaona chidebe cha HTH, klorini wa ufa wamphamvu kwambiri, chili chosavundikira bwino, ufa utatayikira pansi. Pambali pake chigubu cha dizilo wa jenereta chikudontha. Pomwe awiriwa anakumana, simenti inali itada, kautsi koyera kakufuka.

Mlonda anabwera chothamanga ndi chozimitsira moto cha ufa chija. Ndinawagwira mkono: "Achimwene, chimenecho ayi, tengani ndowa." HTH amafuna madzi ochuluka, mukangowaza pang'ono mwaonjezera mpweya woipawo. Tinakoka chigubu, kutsekula zitseko, n'kukhuthula ndowa pa ndowa mpaka utsi unaleka. Mayi aja chifuwa chinawathina mpaka Lachisanu. Anali atavala masiki ya pepala, yomwe tonse tikudziwa kuti mpweya wa klorini umangodutsa.

Chikundipsetsa mtima n'chakuti sitoloyi ndakhala ndikuidandaula kalekale. Ndi kachipinda kamodzi ka malata, kopanda siling'i, kopanda mazenera, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi simufuna kuuzidwa. Mommo muli matiresi, mankhwala otha ntchito odikira kukaonongedwa, mankhwala opopera tizilombo ndi mafuta. Kolera atavuta m'boma lino mu 2022 ndi 2023, zidebe za HTH zinabwera zambiri, ndipo tinathokoza, koma palibe anafunsa kuti tikazisunga pati. Kutenthako kumamuthetsanso mphamvu klorini, ndiye 0.05% yomwe timasungunula yosamba m'manja, ndani angalumbire kuti ikukwanadi? Ndikalemba kalata, yankho ndi lomwe lija: ndalama za ORT, zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, sizinafike.

Lachinayi kumsonkhano akuluakulu ankangofuna dzina la amene anaika chigubucho. Ndi dalaivala, inde, koma akanachiika kuti? Chipinda chokhoma ndi chomwecho basi, panja dizilo sagona. Ndinakana kuti munthu apatsidwe kalata ya chenjezo chifukwa cha chipinda chomwe sanamange ndi iye, ndipo ena nkhope zinagwa.

Lachisanu ine ndi alangizi awiri tinasesa kakhitchini kakale kuseri kwa wodi ya amayi, tinayala njerwa, n'kusamutsira HTH yense kumeneko payekha. Loko ndagula ndi ndalama yanga. Denga lake limadontha pakona, ndiye mvula isanagwe ndiyenera kupeza lata limodzi. Ma safety box odzaza ndi majakisoni nawonso akadali mulu pafupi ndi ng'anjo yathu yootchera zinyalala yong'aluka ija, ndipo ana a m'mudzi amadutsa pomwepo popita kunyanja.