Sitika ya 4WD sikoka galimoto

Ndinagula Nissan X-Trail yochokera ku Japan mwezi wa Disembala, kwa bambo wina wogulitsa magalimoto m'mbali mwa msewu kuno ku Harare. Kumbuyo kwake kunali zilembo zonyezimira, 4WD. Zilembo zimenezo ndi zimene ndinagula. Galimotoyo inangobwera ngati basela.

Mu Januwale mvula ili pachimake, apongozi anga aku Mufakose, amene anachoka ku Dedza kalekale, anati ndiwaperekeze ku Epworth kukaona odwala. Titafika pomwe phula lathera, iwo anayang'ana matope n'kunena kuti, "Akamwini, bwanji tiisiye pano tiyende wapansi?"

"Bambo, musadandaule. Iyi imakoka ndi matayala onse anayi."

Sitinapite patali. Matayala akutsogolo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, kumwaza matope mpaka pa zovala za eni ake zimene anayanika pachingwe. Akumbuyo anali duu, ngati alendo pamaliro a munthu wosamudziwa. Ndinaponda moto, galimoto n'kumangolowa pansi. Ana anasonkhana. Kenako kunabwera ka Honda Fit ka mushikashika, matola a kuno ku Harare, kodzadza anthu, kanadutsa m'mphepete mwa udzu osaima n'komwe, dalaivala wake akundiimikira dzanja.

Ndinaimbira mlamu wanga wamakaniko ku Mbare. Iye anati, "Alamu, pafupi ndi giya pali kabatani kopotokola kolembedwa 2WD, AUTO ndi LOCK. Ikani pa LOCK." Ndinafufuza paliponse. Ndinapeza risiti yamafuta ndi chitsekerero cha botolo.

Atafika anayala katoni, n'kugona chagada pansi pa galimoto. Anatuluka akuseka mpaka misozi. Kulibe propshaft, chitsulo chachitali chija chotengera mphamvu kumbuyo. Kulibenso difu yakumbuyo, bokosi la magiya logawira mphamvuyo ku matayala akumbuyo. Anandiuza kuti magalimoto otere, X-Trail, RAV4, CR-V, amapangidwa mitundu iwiri ngakhale thupi ndi limodzi. Injini imakhala chopingasa n'kumakoka matayala akutsogolo. Ya 4WD yeniyeni ndiyo amaiwonjezera zitsulo zija, ndipo ambiri mwa iwo akumbuyo amagwira ntchito pokhapokha akutsogolo akaterereka. Wofuna kulimbana ndi matope zenizeni, akutero mlamu, agule Suzuki Jimny, kali ndi giya yotsika ngati thirakitala. Ine nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti galimoto ikatalika miyendo ndiye kuti basi.

Kenako anapita kumbuyo, nakanda zilembo zija ndi chikhadabo. Nambala 4 inamatuka mosavuta ngati nkhanambo.

Otitulutsa anali amayi asanu a Mvano amene ankachokera ku mapemphero, ndi mabulauzi awo oyera. Anavula nsapato, n'kukankha akuimba. Ine, chifukwa cha mantha, ndinapondanso moto kwambiri. Za mabulauziwo tisakambe, ndinalipira sopo.

Apongozi sanatsike m'galimoto nthawi yonseyi. Anangokhala, chipewa pabondo. Tikubwerera anapempha nambala 4 ija kwa mlamu, naiika m'thumba la jekete.

Pano ili pachitseko cha khola lawo la nkhuku. Aliyense wobwera kudzacheza amapita naye kuseri kukamuonetsa, ine ndili pomwepo.