Amalonda, achifwamba ndi bwato la anthu awiri: pomwe ndafika

Mwezi uno ndautha ndili pa miyambi ya kuwoloka mtsinje. Ntchito ya ulonda wa usiku kuno ku Johannesburg imasiya maola ambiri a phee, makamaka ikangokwana 1 koloko, ndiye patebulo la m'kanyumba ka pageti ndimayala chingwe cha chaja kukhala mtsinje, bokosi la machesi kukhala bwato, zitsekerero za mabotolo kukhala anthu.

Wa fisi, mbuzi ndi mtolo wa masamba ambiri tinakula tikuudziwa. Bwato limanyamula munthu ndi chinthu chimodzi, ndipo maulendo ake ndi 7: mbuzi iyambe, ubwerere wekha, uwolotse fisi, mbuzi ija uibwezenso, utenge masamba, ubwerere wekha, umalize ndi mbuzi. Mwambiwu ndi wakalekale. Ulimo m'masamu a Chilatini omwe amati anasonkhanitsa ndi Alcuin wa ku York, amene anamwalira mu 804, kungoti kumeneko ndi mmbulu, mbuzi ndi kabichi.

Umene wandidyera tulo ta masana ndi wa anthu atatu atatu. Ine ndimawatcha amalonda ndi achifwamba: zitsekerero zofiira ndi achifwamba, zobiriwira amalonda. Bwato limalowa awiri, siliyenda lopanda munthu, ndipo tsidya lililonse achifwamba akachuluka kuposa amalonda omwe alipo, katundu wapita.

Poyamba zimayenda bwino. Achifwamba awiri awoloka, mmodzi abweza bwato, awiri awolokanso, mmodzi abwerera. Tsidya lino kwatsala amalonda atatu ndi wachifwamba mmodzi. Amalonda awiri akwera, akafika tsidya ilo kumakhala awiri kwa awiri. Apa mpamene dzanja limaima m'malere. Mtima umafuna kuti abwerere munthu mmodzi monga mwa nthawi zonse, koma akabwerera wamalonda yekha, mnzake watsala pakati pa achifwamba awiri. Akabwerera wachifwamba yekha, wamalonda wa tsidya lino ndiye wazingwa. Ayenera kubwerera awiri, wamalonda ndi wachifwamba, bwato lodzaza kubwerera kumene lachokera. Zimawawa kuona, koma ulendo wachisanu ndi chimodzi umenewu ndiwo msana wa mwambi wonse. Ukatero amalonda awiri otsala amakwera limodzi, kenako achifwamba amangotolana okha. Maulendo onse ndi 11, ndipo asanu omaliza ndi asanu oyamba aja atawatembenuza. Zimenezi ndimazikonda kwambiri.

Lamlungu ku Rosettenville alamu anga anaona zitsekererozo nati, "Alamu, ngati mwawatha atatu, onjezani akhale anayi anayi tione." Anali otsimikiza kuti ndi nkhani yongoleza mtima. Ayi ndithu, anayi anayi pa bwato la awiri sizitheka, ndipo tsopano chifukwa chake ndikuchiona ndi maso. Amalonda amakhala pamtendere m'njira ziwiri zokha: onse ali tsidya limodzi, kapena tsidya lililonse achifwamba ndi amalonda ndi ofanana. Ukafika pobweza awiri paja, tsidya lino pamakhala atatu kwa atatu. Kuti uchokepo, amalonda atatu onse ayenera kukwera nthawi imodzi, pomwe bwato limalowa awiri. Ukakweza wamalonda ndi wachifwamba wangobwerera pomwe unali. Pa atatu atatu zimatheka chifukwa otsalawo amakhala awiri, okwana bwato ndendende. Alamu anazisuntha okha mpaka nsima kuzizira, kenako anavomera.

Miyambi yosatheka ndayamba kuilemekeza. A Ila a ku Zambia ali ndi wawo wa kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la chimanga, bwato la chinthu chimodzi. Chilichonse chomwe ungayambe nacho, tsidya lino patsala chodya chinzake, ndipo munthu wa m'nkhaniyo amangosiya ulendowo m'malo motaya chiweto chake.

Pano ndakulitsa bwato kuti lizilowa atatu, lamulo la kuchulukana likugwiranso m'bwato momwemo. Anayi anayi awoloka. Sabata ino ndili pa asanu asanu, ndipo ndayamba kulemba ulendo uliwonse kumapeto kwa kope, chifukwa zitsekerero khumi mutu sukuzisunganso. Amene mumasewera zimenezi, ndiuzeni mumalemba bwanji kuti bwato lili tsidya liti popanda kudzaza tsamba.